Dzina Pamutu wa Gitala

Mmisiri akamaliza kukhoma gitala, pamatsala kantchito kooneka kochepa koma kovuta: kuika dzina lake pamutu wa gitalayo. Malowo ndi opanikizika, makiyi okungira nsambo anatenga kale mbali yawo, chonsecho ndi pamene maso a wogula amayambira.

Njira yachangu ndi ya kapepala kopyapyala kotchedwa decal. Amakaviika m'madzi, zilembo n'kutsetsereka kukakhala pathabwa. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Fender inkamata kapepalaka pamwamba pa vanishi, n'chifukwa chake pa magitala ambiri a nthawiyo dzinalo linakandika kapena kusupuka. Wofuna kuti likhalitse amapaka vanishi kangapo pamwamba pake, n'kukwecha ndi sandipepa wosalala mpaka m'mphepete mwa kapepalako mutazimirira. Akachita ulesi, dzinalo limaoneka ngati chigamba pamalaya.

Njira yolemekezeka kwambiri ndi yolowetsa dzina m'thabwa, monga imachitira Gibson pa magitala ake apamwamba. Zilembo amazicheka ndi kasowo kuchokera ku chigoba chonyezimira cha nkhono za m'nyanja. Kenako amagoba malo ake ndendende, n'kuzikhazika ndi guluu, n'kusalaza zonse pamodzi. Apa luso silibisika, pakuti chigobacho sichichedwa kuthyoka pokhota chilembo. Thabwa lakuda ngati phingo limamuthandiza mmisiri, chifukwa guluu wosakaniza ndi fumbi la thabwalo amatseka timipata osaoneka. Pathabwa loyera, paliponse pamene dzanja linanjenjemera pamaonekera.

Ena amadinda ndi chitsulo chamoto. Sizilira ndalama zambiri ndipo dzinalo silifufutika, koma chitsulo chikakhalitsa pang'ono zilembo zimapserera, pobwerera palibe. Makina a laser amadula mwaukhondo, kungoti pa chinthu chosemedwa ndi manja ukhondo wotere umaoneka wachilendo.

Mbiri imatiphunzitsa kudekha. Kampani ya Martin inayamba mu 1833, koma kwa zaka pafupifupi 100 inkangodinda dzina kumbuyo kwa mutu ndi m'kati mwa gitala. Zilembo zagolide zakutsogolo zinabwera kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930. Amisiri a ku Spain, monga Antonio de Torres, ankamata kapepala ka dzina lawo m'mimba mwa gitala, ndipo mpaka lero odziwa amazindikira mmisiri poona kasemedwe ka nsonga ya mutu.

Ine ndikuti njira yabwino ndi imene dzanja la mmisiri likuidziwa bwino. Chilembo chimodzi chokhazikika mwaukhondo chiposa dzina lonse lonyezimira koma lopindika. Chimene sindingachivomereze ndi kumata dzina la kampani yotchuka pa gitala wako. Kumeneko ndi kunamiza wogula komanso kudzinyoza wekha. Ngati gitalayo ukumukhulupirira, lembapo dzina lako.