Rikki Ililonga, Munthu Mmodzi Wokwana Bandi

Mu Januwale 1973 Ian Smith adatseka malire a Rhodesia ndi Zambia, ndipo mlatho wa pamathithi, uja adaumanga mu 1905, udasanduka pothera dziko. Livingstone, tauni yomwe idakhalapo likulu la Northern Rhodesia mpaka 1935, idazizira. Koma m'zaka zomwezo dzina la mathithi ake, Mosi-oa-Tunya, linali kutentha kutali, ku Nairobi. Anyamata angapo a ku Zambia adalitenga, nalilemba mwawomwawo kuti Musi-O-Tunya, n'kulipatsa bandi yawo. M'gululi munali Derek Mbao wa besi, Alex Kunda wa ng'oma, ndi mnyamata wina wa gitala ndi mawu, Rikki Ililonga. Ngakhale Paul Ngozi, uja wa ku Lusaka yemwe pambuyo pake adadzagwedeza dziko ndi Ngozi Family, adadutsamo m'gulu lomweli.

Chimbale chawo cha Wings of Africa, chomwe chidatuluka mu 1975, ambiri amachiwerengera m'gulu la zimbale zoyambirira za nyimbo zomwe lero timazitcha Zamrock. Aliyense amene adamvapo nyimbo ya Dark Sunrise amadziwa kuti dzina la bandi silinali lobwereka chabe. Gitala amalira mokalipa, malipenga amabwera pamwamba, ng'oma sizipuma, ndipo nyimboyo imatalika mpaka womvera aiwale pomwe idayambira. Mukumva Jimi Hendrix, mukumva Fela Kuti ndi Osibisa, komanso mukumva ng'oma za kwathu kuno zomwe sizidaphunziridwe pa mbale ya galamafoni. Ndi phokoso la anthu ambiri oyimba pamodzi m'chipinda chimodzi, aliyense akukankha mnzake.

Ililonga adachoka m'phokoso limenelo. Anzake adapitiriza, natulutsa Give Love to Your Children ali ndi Wayne Barnes pa gitala, chimbale chabwino ndithu. Iye adatenga njira ina yomwe panthawiyo inali yachilendo kuno: adalowa mu situdiyo n'kudziyimbira pafupifupi zida zonse yekha. Zimbale zake ziwiri zoyamba, Zambia cha 1975 ndi Sunshine Love cha 1976, ndizo ndikufuna tizitchere khutu bwino, chifukwa luso lomwe lili m'menemo silidziwonetsera, ndipo munthu wongodutsa akhoza kulipitirira.

Tiyambe ndi ntchito yeniyeniyo. Kujambula wekha kumatanthauza kuti nyimbo uiyale mosanjikiza. Uyamba ndi chida chimodzi, tinene gitala wosunga kayendedwe ka nyimbo. Tepi ibwezedwa kumayambiriro, uvala zomvera kukhutu, uyimba besi motsatira zomwe wayimba kale. Ibwezedwanso, uika gitala wachiwiri, kenaka mawu, kenaka mawu ena othandizira. Lero mwana wa ku Maramba kapena ku Dambwa mu Livingstone amachita zimenezi pa laputopu, ndipo akaphonya, kompyuta imamuwongolera. M'masiku a tepi kunalibe chokuwongolera. Ukathamanga pang'ono pa gitala woyamba, cholakwacho chimakutsata m'zida zonse zobwera pambuyo. Ndipo njira za pa tepi zinali zowerengeka, kotero umayenera kudziwiratu, usanakhudze nsambo iliyonse, kuti malo a chida chilichonse ali pati. Nyimbo yonse iyenera kukhala itapsa kale m'mutu.

Vuto lalikulu la woyimba yekha si kuphonya ayi. Vuto ndi lakuti nyimbo imauma. Mu bandi wa besi amayankha wa ng'oma, wa gitala amaona nkhope ya woyimba n'kudziwa kuti apa ndilowe, apa ndidikire. Munthu mmodzi alibe womuyang'ana. Zimbale zambiri zojambulidwa chotere zimamveka zoyera koma zopanda moyo. Za Ililonga sizimveka choncho, ndipo chifukwa chake, m'kumva kwanga, n'chakuti amadziwa kudzisiyira malo. Gitala woyamba sadzaza ponseponse. Amasiya mipata, ndipo mukamvetsera bwino muona kuti mipatayo idasiyidwira dala wina amene akubwera, yemwenso ndi Ililonga yemweyo atanyamula chida china. Ali ngati mayi wophika yekha pa mafuwa atatu, amene potereka mphika wa ndiwo amakhala atawerengera kale nthawi yomwe nsima idzafune manja ake onse awiri.

Tengani Shebeen Queen, nyimbo yomwe anthu ambiri akunja adamudziwira. Mutu wake ndi wa m'komboni: mayi wa shabini, munthu amene aliyense wokulira m'tauni za Zambia kapena Malawi amamudziwa, amene amuna amam'tamanda usiku n'kumunyoza kutacha. Woyimba wina akadaipanga nyimbo yachipongwe, kapena ulaliki. Ililonga adaiyendetsa modekha, mawu ake otopa pang'ono, osakweza, osaweruza. Gitala wamagetsi alipo, koma amabwera moyankha mawu, osati molimbana nawo. Imeneyi ndi nzeru ya nyimbo za kumudzi, ya wotsogolera ndi ovomera, itavala zovala za rock. Kusiyana kwake n'kwakuti wotsogolera ndi wovomera ndi munthu mmodzi, ndipo wovomerayo adajambulidwa nthawi ina. Kuti zimenezi zimveke ngati kucheza kwa anthu awiri okhala pamphasa imodzi, pamafunika khutu losowa.

Kenaka m'chimbale cha Zambia muli The Hole, yomwe ili kutsidya lina. Iyi ndi funk ya mibadwo ya James Brown, yamwano pang'ono, yoti akulu a mpingo asaimve. Apa besi ndiye mwini nyimbo, amabwereza kachidutswa kamodzi osatopa, ndipo gitala wa fuzz, uja womveka ngati nsambo zang'ambika, amalowa ndi kutuluka. Chimene ndimasirira ndi kuleza mtima kwake. Funk imafa woyimba akayamba kudzionetsa. Imafuna munthu wololera kuyimba chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali, n'kukhulupirira kuti kubwerezako ndiko kudzagwira anthu m'chiuno. Ililonga, yemwe tikudziwa kuchokera ku Musi-O-Tunya kuti zala zake zimatha kuthamanga, apa amazimanga.

Ndipo m'chimbale chomwecho muli Stop Dreaming Mr. D ndi The Nature of Man, nyimbo za munthu wokhala pansi ndi gitala wake akusinkhasinkha. Olemba za nyimbo akunja amakonda kutchula Bob Dylan ndi Taj Mahal akafika apa, ndipo sakunama; Ililonga adawamvera anthu amenewa, monga momwe achinyamata onse a m'tauni adachitira m'zaka zimenezo. Koma kuyerekezako kumabisa kanthu kena. Dziko la Zambia linali kale ndi mwambo wake wa woyimba mmodzi ndi gitala wosalumikiza ku magetsi, wofotokoza za moyo wa m'tauni: Alick Nkhata pa wailesi ya ku Lusaka, oyimba a m'migodi ya ku Copperbelt, pambuyo pake Emmanuel Mulemena ndi anzake. Womvera wa ku Livingstone mu 1975 sakadafunika kudziwa Dylan kuti azindikire mtundu wa munthu amene akumuyimbira. Adali kumudziwa kale.

Nkhani ya zilankhulo nayonso ndi luso, ngakhale kawirikawiri imatchulidwa mongodutsa. Ililonga amayimba m'Chingerezi ndi m'zilankhulo za kuno, ndipo mitu ya nyimbo zake imaonetsa: Musamuseke ndi Ulemu m'Chinyanja, komanso Sansa Kuwa. Ku Livingstone zimenezi si zachilendo. Pa msika wa Maramba munthu amagula m'Chitonga, kutsitsa mtengo m'Chinyanja, n'kutsazika m'Chilozi. Chomwe chili chovuta, ndipo oyimba ambiri chimawagonjetsa, n'chakuti zilankhulo zathu zili ndi kukwera ndi kutsika kwake kwa mawu, komwe sikulola kupindidwa mwachisawawa. Ukaika mawu a Chinyanja pa kayendedwe ka blues osasamala, amamveka ngati mlendo akuwerenga chikwangwani. Ililonga akasintha chilankhulo amasinthanso kayalidwe ka nyimbo. Mizere imafupika, kuvomerana kumachuluka, gitala amayamba kudumphadumpha mofanana ndi kalimba. Sakakamiza chilankhulo kulowa m'nyimbo yomwe idasokedwera china.

Pa zimbale ziwirizi, ine ndimaika Sunshine Love patsogolo, ngakhale ambiri amakonda Zambia. Zambia ndi chimbale cha munthu amene wangomasuka kumene, akufuna kuonetsa zonse zomwe angathe: blues apa, funk apo, nyimbo yachikhalidwe uko. N'chokoma, koma chimadumpha. Sunshine Love ndi chokhazikika. Nyimbo monga Love Is the Way, Angel Black ndi Working on the Wrong Thing zimamveka ngati zochokera m'nyumba imodzi. Mawu ake apeza malo ake, pakati, osati pamwamba pomwe oyimba rock ambiri amakuwira. Mawuwo si okoma mwa kwaya. Ali ndi mchenga pang'ono, ndipo nthawi zina amafika pa noti mochedwa. Iye amadziwa zimenezi ndipo sabisa. Amayala zida mozungulira mawu amene ali nawo, osati amene akadakonda kukhala nawo. Oyimba athu ambiri a lero, omwe mawu awo amadutsa m'makina mpaka onse afanane, akadapindula kumvetsera chimbale chimenechi kawiri.

Tisaiwale nyengo yomwe zimbalezi zidatulukira. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Mwadzidzidzi wailesi idali ndi njala ya nyimbo za kwawo. Ku Ndola kunali Teal Record Company yodinda mbale, komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo yomwe idatulutsa magulu ambiri. WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, Ngozi Family, The Peace, Keith Mlevhu, yemwe nayenso ankadziyimbira zida zonse yekha, onse adatulukira m'zaka zochepa zomwezo. Koma chaka chomwe chimbale cha Zambia chidatuluka ndi chomwenso mtengo wa mkuwa udagwa pa msika wa dziko lonse, ndipo chuma chomwe chinkagula magitala ndi mbale chidayamba kuphwa. Kudabwera malamulo oletsa kuyenda usiku chifukwa cha nkhondo ya ku Rhodesia, malo ovinira adayamba kutseka msanga, disiko idalowa ndi munthu mmodzi wosewera mbale m'malo mwa bandi ya anthu asanu. Kuyang'ana m'mbuyo, njira ya Ililonga yojambula yekha, n'kukhala ndi kampani yakeyake ya Sepiso yotulutsira nyimbo, inali ya munthu woona patali.

Chimbale cha Soweto chidatuluka mu 1978, patapita zaka ziwiri apolisi a ku South Africa atawombera ana a sukulu pa 16 Juni 1976. Ku Lusaka, komwe kunali likulu la ANC ili kunja kwa dziko lawo, dzina limenelo silinali nkhani ya kutali. Mpaka lero msika waukulu wa mumzindawo umatchedwa Soweto. Chimbalechi n'chosalala kuposa ziwiri zoyamba, funk yachuluka, ndipo mukumva kuti makutu a anthu anali atayamba kutembenukira kwina. Sindichikonda mofanana ndi zinzake, koma dzanja ndi lomwe lija. Pasanapite nthawi yaitali Ililonga adasamukira ku Denmark, komwe adakhala zaka zambiri. Kwawo nyimbo za kalindula zidatenga malo, ndipo matenda a Edzi adadzatenga oyimba ambiri a m'badwo wake. Paul Ngozi adamwalira mu 1989.

Pali chinthu chimodzi chomwe Ililonga adachita chimene sichimveka m'nyimbo, koma ndi mbali ya luso lomwelo: adasunga matepi ake oyambirira, aja ojambulidwa mu situdiyo. Matepi ambiri a Zamrock adatayika kapena kuwonongeka, ndipo nyimbo zochuluka za nthawiyo tikuzimva lero kuchokera pa mbale zakale zokandika, zomwe akatswiri adachita kuzitsuka phokoso. Pamene Eothen Alapatt wa kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles adayamba kufunafuna nyimbozi, kwa Ililonga adapezako zomwe kwa ena kunalibe. Mu 2010 kampaniyo idatulutsa Dark Sunrise, mtolo wophatikiza nyimbo za Musi-O-Tunya ndi zimbale ziwiri zoyamba za Ililonga, ndipo mu 2017 kudabwera Welcome to Zamrock! m'magawo awiri. Munthu amene amaganizira malo a chida chilichonse asanayambe kujambula ndi yemwenso adaganizira za tepi atamaliza.

N'chifukwa chake tikutha kumva tinthu tating'ono tomwe ndakhala ndikutchula: mpata wosiyidwa pakati pa mawu ndi gitala, besi wochedwa mwadala, mawu achiwiri obisala kumbuyo kwa oyamba. Pa mbale yokandika zonsezi zimamira. Mu Livingstone wa lero, mukayenda mu msewu wa Mosi-oa-Tunya madzulo, mumva amapiano, rumba ndi nyimbo za achinyamata a ku Lusaka. Kumahotela a m'mbali mwa Zambezi alendo amawalandira ndi marimba. Zimbale za Ililonga n'zosavuta kuzipeza m'sitolo ya mbale ku London kapena ku Tokyo kusiyana ndi m'tauni ya mathithi omwe bandi yake idatengako dzina. Komabe zili pa intaneti, ndipo foni iliyonse yokhala ndi bandulo ikhoza kuzifikira. Woyamba kumene ayambire pa Shebeen Queen, avale zomvera kukhutu zonse ziwiri, ndipo ulendo wachiwiri asatsate mawu, atsate besi yekha kuyambira poyamba mpaka pothera.