Hutala yopanda sitima

Bandulo yanga ya sabata ino yathera pa YouTube, ndikuonera zinthu zimene sindinkadziwa n'komwe kuti zilipo. Ku America kuli anthu amene amatolera mahutala a sitima zapamtunda, ndipo chaka ndi chaka amakumana kuti akawalize. Hutala amaimangirira pamwamba pa pikapu, kumbuyo n'kuika thanki ya mpweya. Anzawo amandanda chapatali, makamera ali m'manja. Pikapu ija imadutsa ikukuwa ngati sitima, anthu n'kuomba m'manja, kenako ina n'kubwera. Tsiku lonse, abale.

Poyamba ndinaseka. Nditafika vidiyo yachitatu ndinasiya kuseka, chifukwa anthuwa amamvetsera mwachidwi kuposa mmene ambiri a ife timamvetserera nyimbo. Ndiye ndati ndiuweruze msonkhanowu ngati konsati, poti eni akewo amautenga choncho.

Ndiyambe ndi zimene akuchita bwino. Hutala ya sitima ndi chida choimbira, ndipo mbiri yake ikuvomereza. Sitima za dizilo zitayamba kulowa m'malo mwa za malasha, zinkalira ndi liwu limodzi louma, moti oyendetsa galimoto ena ankayesa kukubwera lole. Robert Swanson wa ku British Columbia, ku Canada, ndiye anakonza hutala ya malipenga angapo olira pamodzi mu 1949, kuti imveke ngati mluzu wa sitima zakale zija. Imene otolerawa amaikonda kwambiri, K5LA ya kampani ya Nathan, ili ndi malipenga asanu, ndipo inayamba kumveka pa sitima za Amtrak m'zaka za m'ma 1970. Ikalira bwino imakhala ngati kwaya ya anthu asanu amene agwirizana mawu. Lipenga limodzi likachita dzimbiri, anthuwa amalizindikira ndi khutu lokha. Apa ndawavulira chipewa. Akusunga mawu amene bwenzi atatayidwa kudzala limodzi ndi zitsulo zakutha.

Vuto langa lili apa. Hutala ndi chiganizo, ili ndi chimene ikunena. Lamulo la ku America la 2005 limati sitima ikamayandikira pamene msewu wadutsa njanji, ilire motalika kawiri, mwachidule kamodzi, kenako motalikanso, iyambe kutatsala masekondi 15 mpaka 20 kuti ifike. Tanthauzo lake ndi limodzi: choka, ndikubwera, sindingathe kuima. Kukoma kwa liwu lija kumachokera ku mantha amenewa. Pa msonkhano uja manthawo palibe. Imene ikudutsa ndi pikapu, mabuleki ake ndi abwinobwino, ndipo palibe amene akutsanzikana ndi mnzake. Hutala yakhumi ikamalira, khutu langa linali litatopa, monga limatopera ndi mlaliki wa mawu okoma amene waiwala uthenga kunyumba.

Nditatseka mavidiyowo ndinaika "Stimela" ya Hugh Masekela, nyimbo ya 1974 yonena za sitima yonyamula anthu opita ku migodi ya ku Johannesburg. Malawi imatchulidwa m'menemo, pakati pa mayiko amene anthuwo ankachokera, ndipo ambiri a ife tili ndi agogo amene anapita ku Joni pa Wenela. Masekela alibe K5LA. Kulira kwa sitima amakupanga ndi kukhosi kwake, kukuwa kumodzi kong'ambika, kosasalala ngakhale pang'ono. Otolera aja akanati lipengali lawonongeka. Koma tsitsi limakuima, chifukwa kumbuyo kwa liwulo kuli mabogi odzaza anthu amene asiya akazi, ana ndi minda.

Chigamulo changa ndi ichi: monga nkhokwe yosungira mawu, msonkhano wa mahutala wakhoza. Monga konsati, wapereka theka. Ali ndi liwu lenileni koma alibe ulendo, pamene Masekela ali ndi liwu lobwereka koma katundu yense ali m'sitima.

Zandikhudza chifukwa ndakatulo zambiri zimene timatumizirana pa WhatsApp, zanga zomwe, ndi mahutala a pa pikapu. Mawu osankhidwa bwino, miyambi yopukutidwa, phokoso lokoma, anzathu n'kuponya timitima. Ukafunsa kuti kodi akubwera ndani, akupita kuti, wasiya yani, yankho palibe. Usiku uno ndatsegula ndakatulo zanga zisanu za chaka chatha. Zitatu ndazifufuta.