Muyeso wa Alifabeti ndi Chinyanja cha ku Mbamba Bay

Osindikiza mabuku ali ndi mwambo wao woyesera malemba. Amandandalika zilembo zazing'ono zonse 26, kuyambira a kufikira z, nayesa utali wa mzerewo m'mapointi; mapointi 12 ndiwo pika imodzi, ndipo 72 ndi pafupifupi inchi. Potsata muyesowu amawerengera zilembo zimene zidzalowa mu mzere umodzi, kenaka masamba ndi mtengo wa buku. Ife tikunena kuti muyesowu, ngakhale uli wothandiza kumene unabadwira, umanamiza wolemba Chinyanja, makamaka iye amene afuna kulembera anthu a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nyasa, ku Tanzania.

Alifabeti si chinthu chimene chinakhalapo ndi utali umodzi. Afoinike anali ndi zilembo 22 zopanda mavawelo, Agiriki ndiwo anawonjezapo mavawelo, ndipo Aroma anakhutira ndi 23. Zilembo j, u ndi w zinadza mochedwa. Chodabwitsa nchakuti w, mmodzi wa alendowo, amene anapangidwa polumikiza zilembo ziwiri ndipo nchifukwa chake ali wotambalala, ndiye mwini mudzi m'chinenero chathu. Mzere wa osindikiza umawerenga w kamodzi, m kamodzi, monganso q ndi x zimene ife sitizigwiritsa ntchito konse. Koma taonani mawu monga mwamuna, m'mwamba, wawona: zilembo zonenepa zokhazokha. Ndondomeko zowerengera zija anazikonza poyang'ana Chingerezi, mmene muli t ndi i ambiri, zilembo zoonda. Tsono woyesa buku lathu ndi ndondomeko zimenezo adzapeza masamba ochuluka kuposa amene anayembekezera, ndipo pepala lidzamthera.

Vuto lenileni lili pa zilembo zoyenda ziwiriziwiri. Pala si phala, kola si khola. H ameneyo amadya malo pa tsamba, koma kumchotsa nkusokoneza tanthauzo. Apa ndipo nkhani ya ku Mbamba Bay imasiyana ndi ya ku Lilongwe. Kalembedwe kanafika kutsidya kuja kudzera ku Zanzibar, mwa amishoni a UMCA, amene Bishopu wao Edward Steere anatulutsa buku lophunzitsa Chiswahili mu 1870. Iwowa anakhazikika pa Likoma mu 1885, natsegula nyumba yosindikizira, ndipo William Percival Johnson anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja. Buku Lopatulika la 1922 linatsata njira ina, ya ku Nkhoma ndi Blantyre. Malamulo a Chichewa Board, yokhazikitsidwa mu 1972, sanawoloke nyanja.

Lero mwana wa ku Mbamba Bay kapena ku Liuli amaphunzira kuwerenga m'Chiswahili. Kwa iye th ndi liwu la mu thelathini, lotchulidwa lilime lili pakati pa mano, osati la mu thumba. Mukampatsa buku lochokera ku Malaŵi, zilembo zonse azidziwa, kupatula ŵ mwina, koma mawu ena adzawatchula mwachilendo ngakhale ali a m'nyumba mwa amake. Mukampatsa la ku Zambia, adzadodoma ndi c woima yekha, pakuti m'Chiswahili c sayenda popanda h. Ena amayamikira c ameneyu kuti amafupikitsa mzere, ndipo nzoona, popeza chi- amayambira maina osawerengeka. Koma kupulumutsa mapointi ochepa pa tsamba limene mwini chinenero alephera kuliwerenga sitingakutche kusamala chuma.

Chotero okonza kalembedwe kamodzi ka maiko onse olankhula Chinyanja sayenera kuyambira pa mzere wa a mpaka z. Ayese ndime zenizeni za Chinyanja, awerenge ph, th, kh, ch ndi ng' monga zinthu zoima pazokha, ndipo ndime zina azitenge pakamwa pa asodzi a ku Mbamba Bay, amene mpaka lero sanafunsidwe za h wao.