Nyimbo za ku Embangweni ndi Mkangano wa Miyambo

Anthu akamakangana za miyambo yathu ndi chikhalidwe cha Azungu, kawirikawiri amayankhula ngati kuti munthu ayenera kutola chimodzi n'kutaya chinzake. Nyimbo zachipembedzo za ku Embangweni, kumwera kwa boma la Mzimba, zimatsutsa maganizo oterewa.

M'chaka cha 1902, mbusa wochokera ku Scotland, Donald Fraser, adakhazikika pamalopa, pamishoni yomwe idatchedwa Loudon. Amishoni anzake ena, monga Dr Walter Elmslie, sankafuna kuti Akhristu azivina ingoma. Fraser sadagwirizane nawo. Iye adalimbikitsa Angoni kupeka nyimbo zachikhristu motsata maimbidwe a makolo awo, ndipo ankachititsa mipikisano ya opeka nyimbo. Mwa akatswiri a ntchitoyi timawerengapo Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula, omwe nyimbo zawo zimaimbidwabe m'Sinodi ya Livingstonia.

Ukoma wa nyimbozi sufuna kuuza khutu. Nyimbo yomasulira kuchokera ku Chingerezi imakakamiza mawu athu kulowa m'chovala cha mwini, kotero liwu limathyoka pamene silikadayenera kuthyoka. Koma m'nyimbo za Angoni mawu ndi maimbidwe zidabadwira pamodzi. Wotsogolera akaponya, gulu limavomera mwamphamvu monga zimakhalira pabwalo, ndipo ngakhale nkhalamba yosadziwa kuwerenga imaimba popanda buku.

Komabe tisafulumire kumuveka Fraser nthenga zonse. Buku lake la 1914 adalitcha Winning a Primitive People, dzina losonyeza kuti anthu omwe ankayamikira luso lawo ankawaonabe ngati otsalira. Ndiponso mphamvu yosankha mwambo woyenera kulowa m'kachisi idali m'manja mwa amishoni. Maimbidwe adaloledwa, koma chishango ndi nthungo zidatsala panja. N'chifukwa chake ndimaona kuti ulemu waukulu ngwa opekawo, pakuti ndiwo adadziwa chonyamula.

Nawonso amene amaloza Mzungu chala pa mwambo uliwonse wotayika akumbukire za chiyankhulo. Chingoni chidazirala ku Mzimba makamaka chifukwa ana a Angoni ankayamwa Chitumbuka kwa amayi awo, ndipo nyimbo zambiri zomwe tikunenazi zimaimbidwa m'Chitumbuka chomwecho.