Anna ndi Sungisa: Amapulumutsa Mtsikana Wosauka Ndani?

M'chaka cha 1920, D. W. Griffith wa ku America adatulutsa kanema wopanda mawu wotchedwa Way Down East. Kanema wotere angakomere anthu a kuno ku Chitipa, komwe Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi Chinyiha zimamveka pamsika umodzi, pakuti nkhope ya Lillian Gish siisowa womasulira.

Gish akusewera ngati Anna Moore, mtsikana wosauka wa kumudzi. Mnyamata wachuma, Lennox Sanderson, amunyenga ndi ukwati wabodza, n'kumuthawa ali ndi pakati. Mwana atamwalira, Anna apeza ntchito yapakhomo kwa a Bartlett. Mbiri yake itaululika, amupirikitsa chipale chofewa chikugwa, pomwe Sanderson akudya nawo patebulo ngati mlendo wolemekezeka. Apa ndi pomwe pali mphamvu ya kanemayu: Anna aloza chala mwamunayo pamaso pa onse, ndipo woonera aona yekha kuti mlandu umodzi uli ndi zilango ziwiri, cha wolemera ndi cha wosauka.

Komatu Griffith sadafike nayo patali nkhaniyi. Anna akomoka pamadzi oundana omwe mtsinje ukuwakokolola kupita kumathithi, ndipo womupulumutsa ndi David, mwana wa bwana yemweyo, amene pambuyo pake amukwatira. Palibe bwalo lomwe limuzenga mlandu Sanderson. Ulemu wa Anna ubwerera chifukwa choti banja la mwanaalirenji lamulandira, osati chifukwa choti chilungamo chayenda.

Tiyerekeze ndi Seasons of a Life, kanema wa Shemu Joyah wa m'chaka cha 2008. Sungisa nayenso ndi wantchito wapakhomo yemwe bwana wake, Kondani, amupatsa mimba. Iye asiya mwana kumalo osamalira ana amasiye, aphunzira zamalamulo, kenaka abwerera kudzamenyera mwana wake kukhoti. Joyah adamupatsa mtsikanayu sukulu m'malo mwa mwamuna, ndipo pamenepa adamuposa Griffith.

Ngakhale zili choncho, akanema onse awiri akudalira mwayi. Atsikana ambiri ochoka ku Misuku kapena ku Nthalire kukalera ana a eni m'tauni sakumana ndi David, ndiponso sapeza wowalipirira fizi. Tikudikirabe wolemba yemwe adzatisonyeze mtsikana wotereyu akubwerera kwawo ndi mwana kumbuyo, n'kutiuza chomwe akwawo ndi amfumu adzachite naye bwana uja.