Liwu la Wosimba Nkhani

Mwezi wathawu, itatha Misa yachiwiri ya Lamulungu, mtsikana wina wa m'gulu la achinyamata pa parishi pathu pano ananditsata mpaka pakhonde la nyumba ya ansembe, m'manja atagwira kope lakale la kusukulu. Anati, "Bambo, ndalemba nkhani. Muiwerenge, ndipo mundiuze zoona." Nkhaniyo inali ya mwana wamasiye amene mayi ake anamwalira m'nyengo ya dzinja, iye n'kutsala ndi azing'ono ake awiri. Ndinaiwerenga usiku womwewo. Chichewa chake chinali chosalala, zochitika zinali zotsatana bwino, koma ndinafika kumapeto maso ali gwa. Ndinachita manyazi, pakuti kwawo kwa mtsikanayo ndimakudziwa, ndipo mwambo wa maliro a mayi ake ndinatsogolera ndine zaka ziwiri zapitazo. Zimene analembazo sanachite kupeka. Nanga bwanji chisoni chenicheni, chitafika pa pepala, chinalephera kundigwira mtima?

Nditabwereza kuwerenga, ndinaona pamene panagona vuto. Wosimba nkhani uja, ndiye kuti liwu lija limene limatifotokozera zochitika, anali kulira koposa mwana wamasiyeyo. Ndime iliyonse inali ndi "Kalanga ine!" wake, inali ndi "Ha, dziko lankhanza!", ndiponso inali kutifunsa ngati alipo munthu wouma mtima woti sangagwetse misozi pomva zotere. Misozi yonse wosimbayo anali atalira kale yekha, ine wowerenga osandisiyirako ngakhale dontho. Paja akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Zimenezi zinandikumbutsa kankhani kena kamene ndinawerenga ndili ku seminale, kamene mpaka lero sikanandichoke m'mutu. Anakalemba ndi Anton Chekhov, mlembi wa ku Russia amene anabadwa mu 1860 ndi kumwalira mu 1904 atadwala chifuwa chachikulu. Ntchito imene anaphunzira inali ya udokotala, ndipo anamaliza maphunzirowo ku Moscow mu 1884. Kankhanika kanatuluka m'nyuzipepala ina ya ku St Petersburg mu Januwale 1886, iye ali ndi zaka 26. M'Chirasha dzina lake ndi Toska, mawu otanthauza chisoni cholemera chimene chimasowetsa munthu pokhala. Omasulira m'Chingerezi ena amakatcha Misery, ena Heartache. Ndi masamba ochepa chabe, oti munthu angawerenge tiyi asanazizire.

Nkhani yake ndi iyi. Mumzinda wa St Petersburg muli nkhalamba ina, dzina lake Iona Potapov, imene imanyamula anthu pa ngolo yokokedwa ndi kavalo. Poti ndi nyengo yozizira, ngoloyo ilibe mawilo, imangotsetsereka pa chipale chofewa chimene chakuta misewu. Mwana wake wamwamuna wamwalira sabata yomweyo, atagona m'chipatala masiku atatu. Usiku wonse Iona akufuna munthu mmodzi yekha woti amuuze za imfayo. Woyamba kukwera ndi mkulu wa asilikali, amene akufunsa matenda amene anapha mwanayo, kenaka n'kumuuza kuti afulumire, n'kutseka maso. Pambuyo pake akukwera anyamata atatu aphokoso, mmodzi wa linunda, amene akulipira makopeki 20 okha, mtengo wosayenera ulendowo. Atamva za malirowo, wa linundayo akuyankha kuti kufa tidzafa tonse, ndipo akumukalipira kuti athamangitse kavalo. Mlonda wa pakhomo lina akumuuza nthawi, n'kumupirikitsa kuti asaime pamenepo. Atabwerera kumene oyendetsa ngolo amagona, mnyamata wina akudzuka kudzamwa madzi. Iona akuyamba kumufotokozera, koma pocheuka akupeza mnzakeyo wafunda kumutu, wagona kale. Potsiriza nkhalambayo ikupita ku khola kukaona kavalo wake.

Munthu wina aliyense atapatsidwa nkhani yotere angathe kuisandutsa chiliro kuyambira pa mzere woyamba. Chekhov sayamba ndi imfa ayi. Amayamba ndi madzulo, nyali za mumsewu zongoyatsidwa kumene, ndi chipale chikugwa pang'onopang'ono pa madenga, pa misana ya akavalo, pa zipewa za anthu. Iona amamuonetsa atapindika pa mpando wake, wayera mbuu, sakudzisansa n'komwe. Ndipo chodabwitsa n'chakuti wosimbayo amachitako kanthabwala: kavalo wowondayo, ndi miyendo yake yowongoka ngati timitengo, amamufanizira ndi kakavalo koumba ndi ufa kamene ana amagula ndi kandalama kamodzi. Wowerenga amamwetulira, osadziwa chimene chikubwera. Za imfa ya mwana sitimva kwa wosimba nkhani. Timamva kuchokera m'kamwa mwa Iona mwini, milomo ikugwedezeka kaye popanda mawu otuluka, kenaka mawu osasa, odukaduka, olankhulidwa kwa munthu amene maganizo ake ali kwina. Uthenga waukulu chotere ukutifika ngati chinthu chogwa m'thumba mwangozi, ndipo usanathe n'komwe, wina mumsewu akukuwa kale kuti nkhalambayo iyendetse bwino ngolo.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna kuti tichedwepo pang'ono, abale anga, chifukwa luso lonse lagona apa. Wosimba nkhaniyu saweruza aliyense mwa anthu okwerawo. Sanena kuti msilikaliyo anali wankhanza, kapena kuti anyamatawo anali opanda mwambo. Amangotiuza zimene ananena ndi zimene anachita, ndi liwu lomwelo limene anafotokozera kugwa kwa chipale. Anyamata aja akumutukwana Iona, akunyoza chipewa chake, ndipo wa linunda uja akumumenya pakhosi. Iona akuseka, n'kumawatcha mabwana ansangala. Tsono wosimbayo, mosakweza mawu, amatiuza kuti pomva mitonzoyo ndi poona anthu pafupi naye, kusungulumwa kwa nkhalambayo kunayamba kupepuka pang'ono. Taganizani: munthu wafika poti kutukwanidwa kukumukomera, chifukwa womutukwanayo ndiye kuti wamuona kuti alipo. Chekhov akanalemba kuti, "Ha, zomvetsa chisoni!" akanaononga zonse. Poti iye sananene, mawuwo timawanena ndife tokha mumtima, ndipo chimene munthu wanena yekha sachiiwala msanga.

Palinso china chimene kusaweruzaku kumachita, ndipo chimenechi n'chowawa. Wosimba akanawadzudzula anthu aja, ife tikanaima kumbali kwake n'kumawaloza chala, mitima ili m'malo. Koma popeza sanawapake mbiri yoipa, timawaona monga momwe alili: anthu wamba otopa, ozizidwa, ofulumira kukafika kumene akupita. Ine ndemwe ndinadzipeza pakati pawo. Ndikukumbukira bambo wina wachikulire amene anandiimitsa pakhomo la tchalitchi patangopita milungu itatu akazi awo ataikidwa m'manda. Anayamba kundiuza za tsiku limene anawatengera ku chipatala. Ine ndinali nditachedwa ku msonkhano wa bungwe la parishi. Ndinawagwira paphewa, n'kuwauza kuti Mulungu awalimbitse, n'kupita. Mawu anga anali abwino koposa a mnyamata wa linunda uja, koma ntchito yake inali imodzimodzi: kutseka nkhani.

Tisaganize kuti wosimba wa Chekhov sakweza mawu konse. Amakweza kamodzi. Anyamata aja atatsika n'kulowa m'nyumba ina, Iona akutsala yekha pakati pa chinamtindi cha anthu oyenda uku ndi uku, ndipo pamenepo wosimbayo amanena poyera kuti chisoni cha nkhalambayo chinalibe malire, kotero kuti chifuwa chake chikanang'ambika, chisonicho chikanasefukira dziko lonse, komabe chinabisala m'kachikoko kakang'ono koti palibe angachione. Nthawi yoyamba imene ndinawerenga ndinaganiza kuti apa mlembiyo waterereka, wachita zomwe zija amachita olemba ongoyamba kumene. Tsopano ndimaganiza mosiyana, ngakhale ndivomere kuti mawuwo ali m'mphepete mwenimweni mwa kupyola muyeso. Amapirika chifukwa ndi amodzi okha, ndiponso chifukwa afika mochedwa, wowerenga atasenza kale katundu amene akufuna pomutulira. Akanakhala pa tsamba loyamba akanangomveka ngati phokoso.

Gawo limene limandikhudza koposa lili chakumapeto, m'chipinda chogona chija. Pamenepo liwu la wosimba limasakanikirana ndi maganizo a Iona, kotero kuti sitidziwanso bwino amene akulankhula. Timamva zimene nkhalambayo ikulakalaka: kufotokoza mwadongosolo, mosafulumira, momwe mwanayo anayambira kudwala, momwe anavutikira, zimene ananena asanatsirizike, momwe maliro anayendera, ndi ulendo wake wa ku chipatala kukatenga zovala za malemuyo. Akufunanso kunena za mwana wake wamkazi, Anisya, amene anatsala kumudzi. Ndipo womvera ayenera kumausa moyo ndi kumadandaula naye. Palibe mawu akuti "chisoni" amene angapose mndandanda umenewu. Zovala zokatenga ku chipatala zija zikunena zonse.

Ife kwathu kuno sitifunika kutifotokozera chimene Iona akusowa. Timati maliro n'kulirana. Obwera kudzapepesa amakhala pansi, ndipo namfedwa kapena womulankhulira amafotokoza za matenda kuyambira pachiyambi, nabwereza nkhani yomweyo kwa aliyense wofika, ngakhale kakhumi pa tsiku, popanda wonena kuti tamva kale. Ngakhale nthano zathu za madzulo siziyenda popanda oyankha: agogo akati "Padangokhala," ana amavomera kuti "Tili tonse," ndipo kuvomerako kukaleka, agogo amadziwa kuti ana agona, nthano n'kuthera pomwepo. Iona wayamba nthano yake kanayi usiku umodzi, ndipo palibe wamuyankha kuti tili tonse.

Mu 1892 Chekhov analembera kalata mayi wina wolemba nkhani, Lidia Avilova, n'kumulangiza kuti pofotokoza za anthu ovutika aziyesetsa kukhala wozizira mtima, chifukwa kuzizirako ndi kumene kumachititsa kuti chisoni cha anthuwo chioneke bwino. Malangizo amenewa ena amawamva molakwa, ngati kuti mlembi wabwino ndi wosamva chifundo. Munthu amene anawalembayo mu 1890 anadutsa Siberia yense kupita ku chilumba cha Sakhalin kukaona ndi maso ake moyo wa akaidi, ndipo kumudzi kwake ku Melikhovo ankachiza anthu osauka kwaulere. Kuzizira kumene ankanena ndi kwa dokotala amene dzanja lake siliyenera kunjenjemera pamene akusoka bala. Ndawerengapo nkhani za olemba ena amene anatengera kuuma kwa mawu kokha, chifundo chapansicho n'kuchisiya. Nkhani zawo zimamveka ngati lipoti la kupolisi.

Akhristufe luso limeneli talimva kuyambira tili ana, kungoti sitinalitchule dzina. Mthenga Wabwino si nkhani yopeka, koma olemba ake nawonso anayenera kusankha liwu. Onani momwe Luka Woyera, amene Paulo Woyera amamutcha sing'anga, amafotokozera maliro a ku Naini pa mutu 7. Amatiuza zinthu ziwiri zokha za mayi woferedwayo, kuti womwalirayo anali mwana wake mmodzi yekhayo, ndi kuti iye anali wamasiye. Sawonjezera kanthu, chifukwa aliyense akudziwa tsogolo la mayi wotere. Chifundo amachitchula kamodzi, ndipo ndi cha Ambuye Yezu. Marko Woyera nayenso kupachikidwa kwa Ambuye amakunena m'mawu owerengeka, n'kupitirira kufotokoza za asilikali ogawana zovala. N'chifukwa chake ndimapempha owerenga Masautso a Ambuye pa Lamulungu la Kanjedza ndi pa Lachisanu Loyera kuti asamachite kunjenjemeretsa mawu. Ndaona kuti tchalitchi chimakhala chete kwambiri pamene wowerenga akuwerenga mwachizolowezi, momveka, mosathamanga.

Tibwerere ku khola kuja. Iona akuyamba ndi nkhani ya chakudya: lero sanapeze ndalama zokwanira mbewu zabwino, choncho kavaloyo adye udzu wouma. Kenaka akutchula dzina la mwanayo, Kuzma, dzina limene sitinalimve kwa usiku wonse chifukwa panalibe munthu wodikira mpaka kulimva. Akumufunsa kavalo wamkaziyo kuti, akanakhala ndi kamwana, kamwanako n'kufa, kodi sakanamva chisoni? Apa mlembi anali pa ngozi ziwiri. Akanatha kuseka nkhalamba yolankhula ndi nyama, kapena kupatsa kavaloyo misozi. Wosimbayo amangoti kavaloyo anali kutafuna, kumvetsera, ndi kupumira m'manja mwa mbuye wake, ndipo Iona anamuuza zonse. Zonsezo ife sitizimva. Nkhani imathera pamene Iona akuyamba kufotokoza, ndipo owerengafe timatsala panja pa khola pamodzi ndi msilikali uja ndi anyamata aja.

Lamulungu lotsatira ndinabweza kope lija kwa mwini wake, ndipo ndinamufotokozera za Iona monga ndafotokozera inu. Ndinamuonetsa mzere umodzi wa m'nkhani yake umene unali utabisika pakati pa madandaulo: pamene mwana wamasiye uja, pogawa nsima madzulo a tsiku lachitatu, anapezeka kuti watsuka mbale zinayi m'malo mwa zitatu. Ndinamuuza kuti pa mzere umenewo ndi pamene ndinaima. Mtsikanayo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Koma Bambo, ine polemba ndinkaliradi." Ndinalibe choyankha, ndipo nthawi imeneyi sindinathamangire kwina kulikonse. Tinakhala pakhondepo mpaka belu la masana, iye akundiuza za mayi ake kuyambira tsiku limene anayamba kutsokomola.

Nkhaniyo waibweretsanso sabata yatha. Yafupika ndi theka. "Kalanga ine!" watsalamo mmodzi, chakumapeto, ndipo wakana kumuchotsa.