Wolemba mizere pabwalo la tenisi

Timaombera m'manja womenya mpira, koma wokonza bwalo ladothi ndani amamukumbuka? Mu Okutobala, dzuwa lisanasuzumire pamapiri a ku Chipata, iye wasesa kale timiyala, wawaza madzi kuti fumbi ligone, wamata ming'alu ndi dothi lapachulu. Kenaka amakoka chingwe, mamita 23.77 m'litali, n'kumachilondola ndi laimu pang'onopang'ono, chowerama, dzanja osanjenjemera. Ukonde nawo amauyeza pakati: masentimita 91.4, osati mongoyerekeza. Mvula ya Disembala ikakokolola mizere yonse, amayambiranso. Popanda iye mpira ungamanjanjire kumene wafuna, osewera n'kumangokangana ngati wagwera mkati kapena kunja, ndipo udzu ungalande bwalolo dzinja lisanathe.